Gogodera m'nyumba ya mkamwini

Ndiulule uchitsiru wanga, poti ndevu zayera kale. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti chipolopolo ukachikankhira mkati kwambiri, m'pamene chimapita patali. Nzeru imeneyi ndinaitola kwa amalume, amene anali ndi mfuti ya gogodera. Ankathira wonga kukamwa kwa mfuti, n'kusinja ndi chitsulo mpaka thukuta. Kusukulu ndinalekezera sitandade 5, ndiye panalibe wonditsutsa.

Kwathu mkamwini ndiye amakhala kwa apongozi. Kuno kutsidya kwa nyanja, ku Oshawa, zinatembenuka: ine ndi mayi a kunyumba ndife tili pachikamwini, m'nyumba ya mwamuna wa mwana wathu. Mkamwiniyo ndi wa ku Chipata, injiniya, munthu waulemu wotopetsa. Zaka zisanu tinkangopatsana moni n'kupatukirana pamasitepe. Ndinkaopa kuti ndidzafa m'nyumba ya munthu amene sindinasekepo naye.

Iye amasaka agwape nyengo yake ikakwana, ndipo zipolopolo amapanga yekha kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba. Loweruka lina ndinatsikirako ngati ndikufuna tochi. Ndinamupeza akuthira wonga m'timabotolo tamkuwa, n'kukanikizira chipolopolo pakamwa pake ndi makina a chogwirira. Chilichonse ankachiyeza kutalika ndi kalipa, kachitsulo ka mano awiri koonetsa manambala. Ndinaganiza kuti mwanayu ndi wamantha, akungozinyengerera.

Foni itamuitanira kumwamba, ndinati ndimuthandize. Ndinapotoza sikuluwu ya pamwamba pa makinawo kawiri konse kuti izikankha mwachimuna, n'kukhala pampando manja pamimba.

Atabwera anakanikiza zitatu, n'kuyeza. Anayezanso. Anapukuta kalipa, n'kuyeza kachitatu. Anayang'ana sikuluwu ija nthawi yaitali, koma ine sanandiyang'ane.

"Nalakwisa ndine, Atate," anatero m'Chinyanja chakwawo. "Dzanja langa lelo silili bwino."

Apa m'pamene manyazi anandigwira. Munthu akudziwa bwinobwino mbava yake, koma akudzimanga yekha chifukwa mkamwini saloza chala mpongozi. Ndikanakhala chete, ulemu womwewo ukanatitsekera pakamwa zaka zina zisanu.

"Akamwini, dzanja lanu musalinamizire," ndinatero. "Ndine ndagogodera."

Anafunsa kuti kugogodera n'chiyani. Ndinamufotokozera za amalume, mpaka ndinaimirira kusonyeza mmene ankasinjira, ndi mmene ankatembenuzira nkhope kumbali asanawombe. Mkamwini anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka anavula magalasi.

Kenaka anandikhazika pafupi. Anati chipolopolo chikalowa kwambiri m'kabotolo kaja, wonga umasowa malo, ndipo mphamvu yake ikhoza kubwerera kwa wowombayo, kumaso kwenikweni. Chikatulukanso kwambiri chimakakamira pa mizere ya mkati mwa mpope wa mfuti, vuto lomwelo. Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa ngati timatsitsi tingapo, ndipo mfuti iliyonse ili ndi kake. Ndinazindikira kuti nkhope imene ndikanaiwononga ndi ya bambo wa zidzukulu zanga.

Zitatu zija anazimasula pomwepo. Kukonzanso sikuluwu kunamutengera masana onse, ndipo kalipa anapatsa ine. Iye akanikize, ine ndiyeze ndi kutchula manambala mokweza. Ndikachita changu ankati, "Pang'onopang'ono, Atate, si gogodera." Ine ndinkamubwezera kuti amalume sankayeza kanthu koma nyama tinkadya. Anandifunsa ngati amalumewo anali ndi zala zonse. Ndinawerenga mumtima, n'kusintha nkhani.

Pokwera masitepe anati Loweruka lotsatira tidzapite limodzi kumalo oyesera mfuti, ndikaone mmene zipolopolo zathu zikugwera pa pepala. Anati zathu.

Madzulo ake ndinawauza mayi a kunyumba zonse, ndikudzikometsera pang'ono. Anandimvetsera akupinda zovala, kenaka anati:

"Mwana wathu anapeza mwamuna woyeza asanachite. Ine ndinapeza wogogodera. Loweruka mukadzuke msanga, bambo, mwina sukulu ija mungaimalize."