Kabuku ka pansi pa pilo ya Bambo Ezra

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Mangalande anandipezera ndi Anti Gondwe. Ndinafika ku Leicester mu 2017 kutsatira mwamuna wanga, yemwe ndi namwino, ndipo miyezi yoyamba ndinkangokhala m'kanyumba kathu ku Highfields n'kumaonera mvula pawindo. Anti si m'bale wanga, ndi mayi wa kutchalitchi kwathu yemwe anabwera kuno kalekale. Tsiku lina titaweruka mapemphero anandigwira mkono nati, "Mwana iwe, ukalamba ndi kukhala. Kuntchito kwathu akufuna anthu, ndikakulankhulira kwa manejala." Pasanathe mwezi ndinali nditavala yunifolomu panyumba ina yosamalira okalamba kumbali ya Oadby.

Walira mvula walira matope. Amene amati ntchitoyi ndi yongomwetsa okalamba tiyi sanaigwirepo. Shifiti imayamba ndi handova, pomwe ogwira usiku amakuuzani yemwe sanagone, yemwe wagwa ndi yemwe wakana mankhwala. Kenako kusambitsa, kusintha matewera, kudzoza mafuta m'malo omwe angachite zilonda, kuveka. Munthu wosatha kuima sanyamulidwa ndi manja. Pali hoyisiti, makina a mkono wachitsulo, ndi silingi, nsalu yolimba yomwe mumaipititsa kumsana ndi pansi pa ntchafu n'kukoleka zingwe zake pangowe za makinawo. Mumayenera kukhala awiri, wina akudina batani, wina atagwira mawondo a munthuyo n'kumamulankhula kuti asaope ali m'malere. Zonsezi anandiphunzitsa ndi Anti, ndipo kunena zoona anali katswiri, wa manja ofewa. Ine madzulo ndikakhala m'basi msana unkachita ngati ndabwereka.

M'chipinda cha kumapeto munali Bambo Ezra, Myuda wokalamba yemwe kale ankadula nsalu m'fakitale ya zovala. Sitiroko inawapha mbali ya kumanja n'kuwalanda mawu ambiri, koma anali osavuta. Chokhacho, tisanawapititse silingi ankalowetsa dzanja lamanzere pansi pa pilo n'kufufuza. Akakhudza chomwe akufuna ankagwedeza mutu kuti tiyambe. Chinali kabuku kokulunga m'kansalu kotuwa.

Tsiku lina ine ndi Anti tikusintha zofunda, Bambo Ezra ali pampando m'chipinda chochezera, kabuku kaja kanagwa n'kutseguka. Mapepala ake anali achikasu ndi ukalamba, zilembo zosawerengeka kwa ife, ndipo pena panali zojambula: nyenyezi, mizere yokhala ndi timipira kumapeto, tinthu tonga mbalame. Anti anabwerera m'mbuyo nati, "Yesu wanga!" Ine ndinakatola, kukakulunga n'kukabwezera. Sitinakambenso, ndipo m'mawa mwake ndinayamba masiku anga opuma.

Nditabwerera ndinapeza zinthu zitasokonekera. Pahandova anati Bambo Ezra akukana hoyisiti, akugwiritsa chitsulo cha bedi n'kumakuwa, sakudya, ndipo agenda mnzathu wina ndi kapu. Chifukwa chosadzuka, m'chiuno mwawo munali mutayamba kufiira, chiyambi cha chilonda. Namwino wamkulu anati dokotala abwera masana omwewo kudzawalembera mankhwala ofooketsa, ndipo zikapitirira awasamutsira kunyumba ina, ya anthu osokonekera mutu, yokhoma zitseko. Anthu omwa mankhwala amenewo ndinali nditawaonapo, amangokhala khosi lili khoba, dovu likutsika. Tsikulo tinali operewera, mabelu akulira uku ndi uku, koma ndinathamangira kuchipinda kuja n'kupisa dzanja pansi pa pilo. Panalibe kanthu. Bambo Ezra anandigwira dzanja lomwelo n'kundiyang'ana, misozi ili m'maso.

Chakum'mawa komweko kunabwera mwana wawo, Ruth, mayi wa imvi yemwe namwino anamuitana pafoni. Nayenso anayamba ndi pansi pa pilo, kenako m'madirowa, kenako anakhala pampando wa m'khonde atagwira mutu. Ndinamupatsa tiyi n'kumufunsa kuti kabukuko n'kachiyani kwenikweni.

"Bambo sangathe kukawerenga, ngakhale ine," anatero. Anandifotokozera kuti ndi buku lakale la Ayuda la zinthu zobisika: mayina a angelo, kayendedwe ka nyenyezi, ndi mawu otetezera mayi wobereka ndi khanda lake. Nthano yake imati mngelo analipereka kwa munthu woyamba atathamangitsidwa m'munda uja. Olilemba anali anthu ophunzira a zaka mazana ambiri zapitazo, koma litayamba kusindikizidwa anthu wamba ankangolisunga m'nyumba osalitsegula, pokhulupirira kuti limaletsa moto ndi tsoka. Pambuyo pake, anatero Ruth, anthu amene sanali Ayuda n'komwe anakopera zojambula za m'mabuku otere, kusakaniza ndi zawozawo, n'kumagulitsa papositi kumaiko akutali ngati njira yopezera chuma. "Mayi a bambo angawa anafika nako kabukuka kuno pothawa nkhondo, atakasokerera m'jasi. Za kwawo chinatsala ndi chokhachi."

Ndinawapeza Anti m'chipinda chochapira akupinda matawulo. Ndinatseka chitseko, pajatu kwathu mwana safunsa wamkulu mlandu.

"Anti, pepani, kabuku ka Bambo Ezra kali kuti?"

"Ukundichekinga ndiwe tsopano?" Sanandiyang'ane. "Iwe ndiwe mwana, sudziwa. Achimwene anga ku Zingwangwa anaitanitsa buku papositi, zojambula zake zomwezija, mizere yomweija. Chaka chisanathe ankayenda maliseche pamsika. Ndinawaika m'manda ndine. Ndiye ndizisiya chinthu chimenecho pansi pa mutu wa munthu wodwala, ife tikuchigwira tsiku lililonse?"

Ndinagwira njakata, chifukwa mantha amenewo inenso ndinakula nawo. Anti sanabe, ankaona ngati akupulumutsa nkhalambayo. Ndinawauza za dokotala ndi za nyumba yokhoma zitseko ija. Pamenepo anati kabukuko kali kubuti ya galimoto yawo. Kunyumba ankaopa kulowa nako, ndiye ankadikira mapemphero a Lachisanu kuti akakatenthe. Anaponya makiyi pamatawulo nati, "Ukanene kuti wakapeza m'zochapa. Ukandiripota, mwana iwe, ukhala wekha m'tauni muno."

Ndinatuluka m'mvula wopanda jekete. Kabuku kanali m'jumbo, ndipo nditamasula mfundo ndinamva fungo lomwe aliyense wa kutchalitchi kwathu amalidziwa. Anti anali atakathira mafuta odzozera kuti mphamvu zake zithe. Mafutawo anali atadutsa kansalu n'kulowa m'chikuto ndi m'mapepala oyambirira, banga lalikulu ngati chikhatho. Bodza la m'zochapa linafera pomwepo, chifukwa makina ochapira sadzoza mabuku mafuta.

Nditakapititsa kuofesi, manejala wathu, mzungu wosachedwa ndi mawu, anakatembenuza n'kufunsa, "Mwakapeza kuti, ndipo mafutawa ndi a chiyani?" Ndinaganiza za mayi yemwe anandichotsa pawindo paja, yemwe ankandigawira nkhomaliro yake ndikaiwala yanga. Ndinaganizanso kuti ndikapanda kunena, adzati mwina nkhalambayo yaononga yokha, umboni wina wakuti mutu wasokonekera. Ndinanena zonse, n'kuwonjezera za achimwene a Anti ndi kuti Antiwo sankafuna kuba. Manejala anati, "Ndamva. Koma katundu wa wokhala muno satuluka pachipata."

Tinalowa ndi Ruth kwa bambo ake. Anakalandira ndi dzanja lamanzere, kukanunkhiza, n'kuyang'ana bangalo nthawi yaitali. Ine ndinkangoyang'ana pansi ndi manyazi ngati ndathira ndine. Sanakatsegule. Anakakankhira pansi pa pilo, kusiya dzanja pomwepo kanthawi, kenako anagwedeza mutu. Ndinaitana mnzanga, tinawapititsa silingi, kuwakweza, kuwatsitsira pampando, kuwadzoza m'chiuno muja. Dokotala anawapeza akumwa supu, Ruth atagwira mbale. Anawayeza, anaona pofiira paja, n'kuchoka osalemba mankhwala aja. Nkhani yosamuka inathera pomwepo.

Anti anauzidwa kuti apite kunyumba masana omwewo, ndipo sanabwererenso. Shifiti yawo yotsala tinagawana ife operewera kale. Nditaweruka ndinadutsitsa basi yanga ndili chikhalire pasiteji, osatha ngakhale kuimika dzanja. Kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike. Azimayi ena anati ndagulitsa munthu wakwathu chifukwa cha buku la ziwanda, ndipo kwa miyezi benchi yomwe ndinkakhala inkachedwa kudzaza. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zikundipwetekabe.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, msana ukulira chomwecho, ndipo tsopano atsopano amawapereka kwa ine kuti ndiwaphunzitse. Ndisanawaonetse hoyisiti ndimawauza za mapilo. Pansi pake mupezapo zambiri: korona, chithunzi, sokosi ya malemu, mikanda yopempherera, mabuku osawerengeka. Zina zidzakuopsani, ndipo sindikuseka mantha anu. Koma mantha ndi anu, muzipita nawo kwanu. Chinthucho n'cha mwini wake, mukayala bedi mubwezere pomwe munachipeza, ndipo chikakuvutani funsani abale ake.

Anti pano amalongedza katundu m'nyumba yosungira zinthu kunja kwa tauni, ataima tsiku lonse pa msinkhu wawowo, manja ofewa aja akunyamula makatoni. Ndikakumana nawo Lamulungu ndimapinda maondo n'kupereka moni monga kale. Sandiyankha, ndipo ndimawasowa.