Tsiku Limene Mkamwini Anakhala Malume

Titabwerera kwathu ku Chiputo kuchokera ku Zambia, tinapeza mitengo itamera pamene panali nyumba yathu. Amayi anabwerako ndi katundu mmodzi amene sanapite naye: mwamuna. Bambo anga ondibereka, amene anali mphunzitsi wa boma, anamwalira nkhondo ili mkati. Bambo ondipezawa tinawapeza kumsasa wa othawa nkhondo, munthu wamfupi wa ku Chipera, wokonza njinga. Pamudzi pathu anali mkamwini, ndipo mkamwini pankhani za banja amakhala kumbuyo n'kumaingitsa nkhuku.

Kenaka kunamveka kuti akazi amasiye a antchito a boma akukalembetsa pensau, ndalama ya penshoni ya malemu amuna awo, ku Fingoe. Amayi anaifuna ndi mtima wonse. Denga lathu linali chidutswa cha tenti ya kumsasa ndi tiudzu pang'ono, moti mvula ikagwa tinkagona chokhala. Koma anthu ankanenanso kuti wamasiye amene anakwatiwanso asadzivute n'kupita komwe. Ukwati wa amayi unali wa ankhoswe okha, wopanda pepala, choncho kuubisa sikunali kovuta. Chovuta chinali chakuti kunkafunika mwamuna wachibale wochitira umboni, pamene malume anga enieni anali akadali ku Zambia kudikira chimanga chawo.

"Mukhala achimwene anga," amayi anauza amuna awo. "Tsiku limodzi lokha, simufa nazo."

Ine ndinali kale ndi mwana kumbuyo, koma ndinapita nawo chifukwa ndinkamvako Chipwitikizi. Kunena zoona, sindinaonepo munthu akuzolowera udindo msanga chotero. Tisanawoloke n'komwe mtsinje woyamba, bambo aja anali atandisiyira njinga, akuyenda patsogolo manja kumbuyo. "Mbumba yanga, fulumirani!" Popuma anasankha mwala wautali kuposa yonse, nakhalapo, n'kuyamba kudandaula kuti alongo a masiku ano alibe mwambo. Amayi anakukuta mano nati, "Tamva, achimwene." Mawu amenewo ine ndinkawadziwa bwino, anali mawu a tikaonana kunyumba.

Ku Fingoe tinapeza bisha yaitali, mzere wa amayi okhaokha mpaka kumsewu, kutsogolo kwa ofesi ya zipupa zobooka ndi zipolopolo. Woyang'anira mzerewo anali gwarda, mlonda wachikulire wa jekete lochapidwa bwino. Anatidutsa kangapo, maso ali pa amayi, amene khosi lawo la mizeremizere nkhondo inalilephera. Dzuwa litafika pamutu anabwera ndi mpando. Sanapatse amayi ayi, anapatsa malume athu atsopanowo. Kenaka anavula chipewa n'kunjuta pambali pawo.

"Pepani, akuluakulu. Ndamva kuti amayiwa ndi alongo anu. Ine mkazi wanga anatisiya nthawi ya nkhondo. Nyumba ndili nayo, ya malata. Ndiye ndati ndisachite zakuba, ndiyambire kwa eni mbumba."

Ndinatsitsa mwana kumbuyo n'kuyamba kumuyamwitsa asanalire n'komwe, kuti ndipeze poweramira.

Bambo ondipeza anatsokomola nthawi yaitali. "Aa, mlongo wangayu ndi wovuta, bwana. Pakamwa sipatsekeka. Mchere amathira ngati wotola. Akagona, mkonono wake ngati chigayo."

"Nanga mkononowo mumaumva bwanji, akuluakulu?"

"Kumsasa. Matenti anali oyandikana."

"Zonsezo ndipirira," anatero gwarda uja mokondwa. "Khutu langa limodzi linafa kale."

Atasowa pothawira, bambo aja anati afunsidwe mwini wake. Koma amayi anali asanaiwale za pamwala paja. Anaweramitsa mutu ngati namwali, n'kumakanda pansi ndi chala chakuphazi. "Ine ndilibe mawu," anatero. "Eni ake ndi achimwenewa."

Ndinaseka mpaka mwana anasiya bere. Koma nditayang'ana bambo aja, kuseka kunandithera. Munthu amene anatisenzera katundu kuchokera kumalire anali pampando wa eni ake, akupotokola chipewa chake. Akanangoti "ndi mkazi wanga" nkhani ikanathera pomwepo, pensau n'kupita nayo limodzi. Koma anangoti, "Tikakambirana kumudzi. Mudzamva." Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti ndinayamba kuwakonda tsiku limenelo.

Titalowa, shefi, bwana wa ofesiyo wachinyamata wa magalasi, ankafunsa m'Chipwitikizi, ine n'kumamasulira. Dzina la malemu, sukulu imene ankaphunzitsa, ana amene anasiya, zonse amayi anayankha bwino. Kenaka linabwera funso lija, ngati mayiwa anakwatiwanso. Ndisanamalize kumasulira, bambo ondipeza anayankha okha, maso ali pansi.

"Ayi, shefi. Ali yekha."

Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati a munthu wodwala. Shefi anagwedeza mutu, nanyamula chidindo.

"Taimani," anatero amayi. Anatembenukira kwa ine. "Iwe, uwauze bwinobwino, usachotseko kanthu. Awa si achimwene anga. Ndi amuna anga. Anandipeza ndilibe ndi bulangeti lomwe."

Ndinamasulira, ndikanatani. Shefi anatiyang'ana mmodzimmodzi, naika chidindo pansi, nakankhira mapepala pambali, n'kuitana wotsatira. Panja tinapeza gwarda uja atachotsa kale mpando wake, akuyang'ana kumapiri ngati satidziwa.

Tinabwerera chimanjamanja. Tauni isanathe, bambo ondipeza anayamba kukalipa, anthu a pamsika akumva.

"Mkazi wopanda nzeru iwe! Ine ndakhala pampando paja thukuta lili kamukamu, kutsala pang'ono kukupereka kwa mlonda, zonsezo pachabe! Chidindo chili m'mwamba kale! Sukanadikira chigwe kaye?"

Amayi anawasiya anene zonse mpaka mpweya utawathera. Kenaka anafunsa mofatsa, "Ndiye mukanakonda ndipite kunyumba ya malata ija?"

Bambo aja anaimitsa njinga. Anapukuta kumaso ndi chipewa nthawi yaitali, ngati akupukuta thukuta.

"Tikafika ndikamweta udzu wa denga," anatero. "Kwera apa, miyendo yatupa iyo."