Mfuti Yokana Kusamba

Ine ku Dubai ndinafika ndi tsache m'manja, ndipo sindichita nazo manyazi. Zaka zitatu zoyamba ndinkakolopa pa hotela ina kufupi ndi Festival City, kumene kapitawo wathu ankavala golovesi loyera n'kumasisita pamwamba pa zitseko. Akapeza kafumbi, tsiku lako latha. Kumeneko n'kumene ndinameza chiphunzitso chakuti chinthu chikapanda kuwala ndiye kuti sunachigwire. Kampani itandisamutsira ku malo owombera mfuti, kumene anthu amalipira kuti aziboola mapepala, ndinanyamula mtima womwewo.

Miyezi yoyamba ndinkasesa makoko a zipolopolo ndi kutsuka zimbudzi. Kenako mkulu amene ankasamalira mfuti anabwerera kwawo, ndipo bwana wa malowo, munthu wamtali wosaseka yemwe anali msilikali kudziko lake, anandipeza ndikupukuta galasi la pakhomo. Anaima, nayang'ana galasilo, nayang'ananso manja anga. Anati manja otere akufunika m'chipinda cha mfuti. Chipindacho chinali ndi mpando, tebulo langalanga, ndi chitseko cholemera chotsegula ndi khadi. Anzanga a ku nyumba ya kampani ku Al Nahda anayamba kunditcha jenerale. Pakamwa ndinkakana, koma yunifolomu ndinayamba kuisita kawiri.

Mwa mfuti zonse zomwe ndinkasamala, zisanu ndi ziwiri zinali za tizipolopolo ting'onoting'ono tomwe pantchito timangoti thu-thu. Sitiphulika mogonthetsa, sitikankha phewa, ndipo moto wake umayambira m'mphepete mwa tako la khoko, osati pakati ngati zipolopolo zazikulu. Tinali nato ta mitundu iwiri. Totchipa tinkabwera titangokhuthuliridwa m'katoni ngati mtedza. Todula tinkakhala kalikonse m'kabowo kakekake m'kabokosi, ndipo ukakagwira, chala chinkaterera chifukwa cha phula limene anakapaka.

Mfuti nambala folo inali yokondedwa ndi mayi wina wa konkuno, mphunzitsi wa masamu, yemwe tonse tinkangoti madamu. Ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, kukonzekera mpikisano wa pamalopo wowombera pa mamita makumi asanu. Anali munthu wopatsa moni ngakhale wa mopu, ndiye mfuti yake ndinkaisamala kuposa zinzake. Masana alionse ndinkalowetsa burashi m'mpope wake, kuthira mankhwala osungunula zonse, n'kumakoka tinsalu mpaka kotsiriza katuluke koyera kuti mbee. Ukasuzumira m'mpopemo unkathothoka maso. Ndinkadziona ngati katswiri.

Mavuto anayamba madamu atasiya totchipa n'kugula todula, poti mpikisano unayandikira. Akafika ankayamba ndi todulato, zisanu, zisanu zina, zisanu zinanso. Mabowo ankangoti balala pa pepala, lina uku lina uko. Akatopa nazo ankabwerera ku totchipa, ndipo pofika kumapeto mabowo ankasonkhana bwinoko. Sabata ziwiri zinatha choncho. Tsiku lina Lachitatu anapita kwa bwana n'kunena mwaulemu kuti mwina akumugulitsa zipolopolo zachinyengo.

Bwana anatenga mfutiyo m'manja mwanga ndikungomaliza kuitsuka, nawombera yekha zisanu zodula. Zinabalalika. Sanafunsenso zambiri. Anati zipolopolo zodula sizinganame, ndiye cholakwika ndi mfuti, ndipo mfuti siziononga yokha.

"Ndani amalowetsa chitsulo m'mpopemu tsiku lililonse?" anandifunsa m'Chingerezi chake chodukaduka.

"Ndine, bwana."

"Waukanda mkati. Khalas, zatha. Usaikhudzenso. Lamlungu ubwerere ku mopu."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma mlendo sakweza mawu pakhomo pa eni. Mopu sindinkauopa, ndinakula nawo. Chinkandiwawa chinali kutuluka m'chipindamo ndi dzina la woononga katundu, chifukwa dzina lotero limakutsata kulikonse kumene kampani ingakutumize, ndipo sapatsanso khadi la chitseko munthu wotero.

Pobwerera kunyumba basi yathu inaima nji pamzere wa magalimoto opita ku Sharjah, monga mwa masiku onse. Pambali panga panali mnzanga wa ku Chipata, bambo wa ana anayi amene ntchito yake inali kupachika ndi kuchotsa mapepala a chandamale. Iyeyu ngwoti ngakhale pamaliro angakuseketse. Anandisiya ndifwenthere pawindo kwa kanthawi, kenako anandigunda ndi chigongono.

"Mudala, osakalipa, koma nikuuzeko chinthu. Iwe ukankhala pa ofu Lolemba, mailo yake, pa Chiwiri paja, madamu amachoka akuseka."

"Ndiye ukuti chiyani amwene? Ukuti ndine mfiti?"

"Awe, ine sininakambe za ufiti. Nakamba chabe vamene nimaona. Pa Chiwiri mapepala yamankhala bwino kuyambila loyamba. Masiku yenangu, mabvuto."

Ndinatsala pang'ono kumukwenya pakhosi. Munthu ukumira, mnzako akukuponyera mwala. Koma mpaka Al Nahda mawu ake anakana kuchoka m'mutu mwanga. Ngati ndinakanda mpope, bwanji Lachiwiri lililonse unkachira? Chilonda cha chitsulo sichipola. Ndipo Lachiwiri linkasiyana ndi masiku ena pa chinthu chimodzi chokha. Lolemba ine kulibe, madamu ankawombera, ndipo mfuti inkagona yosatsuka.

M'mawa mwake, nthawi ya chakudya itakwana, tinapita awiri kuseri kumene amaunjika makatoni otaya. Lamulo la pamalopo ndi lakuti kuseri kwa pepala lililonse mnzangayo alembe tsiku, ola ndi nambala ya mfuti, ndipo iye, ngakhale ali wanthabwala, cholembera sachiiwala. Tinafukula mapepala onse a nambala folo, thukuta lili kamukamu, n'kuwayala pansi motsatana. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti tsiku lililonse pepala loyamba linali loipa, lachiwiri loipako, lachitatu likuyamba kumvera, ndipo pamenepo m'pamene madamu ankataya mtima n'kusintha zipolopolo. Totchipa tinkangokolola pamunda polima todula. Mapepala a Lachiwiri okha ndiwo anali abwino chiyambire.

Ndinakhala pakatoni n'kugwira mutu. Ndinakumbukira malume anga amene ankakazinga tchipisi pa Tsangano. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinawakwechera chiwaya ndi mchenga mpaka kuwala, ndikuyesa ndawathandiza. Anandithamangitsa ndi chipande, chifukwa tchipisi zinakakamira tsiku lonse. Phula lija loterera pachala, opanga zipolopolo sanalipake mwangozi. Limayala m'mpope pang'onopang'ono, ndipo mfuti imalunjika likakwanira. Ine masana alionse ndinkalichotsa lonse ndi mankhwala, n'kumadziyamikira.

"Ndiye mlandu ndi wangadi," ndinatero.

"Ni wako mudala, koma siuja wamene bakupatsa," anayankha mnzangayo, akukutumula fumbi pathalauza.

Vuto linali lakuti ine sindiloledwa kuwombera, ndipo bwana si munthu womuuza nkhani ya chiwaya. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka, tsiku langa lomaliza m'chipindamo, madamu anabwera mochedwerako poti kunalibe sukulu. Wantchito saloledwa kuvutitsa kasitomala ndi nkhani zake, ndinkadziwa. Ndinamudikira pakhomo, mapepala ali m'khwapa.

"Madamu, pepani, ndipatseni mphindi zisanu zokha. Ndikufuna muone masamu ena."

Mwina ndi liwu lakuti masamu limene linamugwira. Ndinayala mapepalawo pa benchi, tsiku ndi tsiku, ola ndi ola, n'kumuonetsa a Lachiwiri padera. Sanandidule mawu. Anayendetsa chala pamzere wonse, nabwerera, nayambiranso. Kenako anadzutsa mutu n'kuuza wa pakauntala kuti aitane bwana.

Bwana anabwera nkhope ili gwa. Atandiona ndi mapepala a m'zinyalala anafuna kuyankhula, koma madamu anamutsogolera. Anati akufuna kuyesa nambala folo, yomwe inangokhala m'chipinda osaigwiritsa ntchito chiyambire Lachitatu lija, ndipo ayesa mmene ine ndinenere. Kasitomala ndi kasitomala. Bwana anangoti "Yalla," kutanthauza kuti tiyeni, napinda manja pachifuwa.

Tinakhazika mfuti pa timatumba ta mchenga kuti dzanja lisanamizire kunjenjemera. Ndinapempha madamu kuti ayambe wawombera todula makumi awiri pa pepala lotaya, osawerengera. Bwana anang'ung'udza kuti kumeneko n'kuseweretsa zipolopolo zabwino, poti kuusilikali mfuti yoyera imakhazikika ndi chipolopolo chimodzi kapena ziwiri. Ndinkangoyang'ana m'galasi loonera patali, mtima uli m'malere. Zoyamba zinabalalika monga kale. Pofika chakhumi zinayamba kuyandikana. Cha makumi awiri chisanakwane, zinali kulowa pafupifupi pamodzi.

Mnzanga wa ku Chipata anapachika pepala latsopano. Madamu anapuma, nawombera zisanu, mosathamanga. Pepalalo litabwera panalibe mabowo asanu. Panali bowo limodzi lotakasuka m'mbali. Ndinalibe chopimira, ndiye ndinadula batani la pamkono wa yunifolomu yanga n'kuliika pamenepo. Bowo lonse linabisika. Tinabwereza kawiri, ndipo kawiri konse batani linaphimba.

Kenako ndinati tichitenso chilungamo kwa totchipa, chifukwa natonso tili ndi phula lakelake losiyana ndi la todula. Makumi awiri pa pepala lotaya, kenako zisanu zowerengera. Totchipato sitinachititse manyazi. Zinayi zinasonkhana moti chitsekerero cha botolo la madzi chinaziphimba, koma chachisanu chinapita kwake, pansi chakumanzere. Pepala lachiwiri zonse zisanu zinalowa pansi pa chitsekerero. Lachitatu chimodzi chinathawanso, ndipo nthawi imeneyi ngakhale kulira kwake kunamveka kofooka. Madamu anaseka n'kunena kuti totchipa tili ngati kalasi yake, ana abwino onse, koma sipalephera mmodzi wotulukira pawindo. Pophunzira n'tabwino ndithu, koma pampikisano chothawa chimodzicho chimakugwetsa.

Bwana anatenga mapepala onse n'kuwayang'ana pa getsi. Anati mwina mfuti yangotentha, kapena madamu lero dzanja lake lili bwino. Pamenepo ndinadziwa kuti ndiyenera kudzipachika ndekha pamaso pake.

"Bwana, ndiloleni ndiitsuke pompano, mmene ndimachitira masiku onse. Muone ndi maso anu."

Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinayambitsa madamu todula khumi ndi zisanu kuti mfuti ibwerere pabwino, ndipo batani linaphimbanso. Kenako ndinatenga burashi, mankhwala ndi tinsalu tanga, n'kugwira ntchito ija ndinkainyadira. Kansalu kotsiriza katatuluka koyera ndinapereka mfuti kwa bwana kuti asuzumire. Anati imeneyo ndiye mfuti yosamalika. Ndinamupempha kuti awombere yekha zisanu zodula, za m'bokosi lomwelo.

Zinabalalika. Chitsekerero cha botolo sichinaphimbe ngakhale zitatu.

Mnzanga wa ku Chipata, amene ananyamula pepalalo, anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine chimwemwe chinandigwira, moti ndinachita kuluma mlomo kuti ndisavine pamaso pa anthu. Sindinaonepo munthu akusangalala chotero poonetsa kulakwa kwake. Mpope unali wamoyo, zipolopolo zinali zenizeni, ndipo amene anazindikira zonsezi anali ine wa mopu, ndi mapepala a m'zinyalala.

"Kulakwa ndinalakwa, bwana," ndinatero. "Koma sindinaononge. Ndinangosambitsa mopitirira."

Bwana sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anauza madamu kuti awomberenso makumi awiri, naima kumbuyo kwake akuyang'ana m'galasi mabowo akuyandikana limodzi ndi limodzi. Atatha, madamu anatsegula mfuti, naiika pa tebulo, n'kuuza bwana kuti mpikisano usanachitike sakufuna munthu wina aliyense aikhudze kupatula ine, ndipo inenso ndiziipukuta kunja kokha. Kwa ine anati, "Shukran," zikomo wa m'Chiarabu, atagwira pamtima.

Madamu atapita, bwana anandikodola kuti ndimutsate. Tinalowa m'chipinda cha mfuti, chitseko n'kudzitseka kumbuyo kwathu. Ndinkaganiza kuti akufuna khadi lake. Iye anaima patsogolo pa mfuti zisanu ndi imodzi za thu-thu zotsalazo, zonse zowala mkati ndi kunja chifukwa cha manja anga, naziyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga izi," anatero, "tizitani nazo?"

Ndinacheuka kuona ngati walowa munthu wina. Munalibe. Zaka zonse zomwe ndakhala m'dziko lino ndauzidwa poti ndikolope, poti ndiime, nthawi yoti ndidye. Aka kanali koyamba kuti munthu andifunse chochita, n'kukhala chete kudikira yankho langa. Ndinakoka mpando n'kukhala pansi iye ali chiimire, ndipo ndinamuuza kuti Lamlungu m'mawa tiyambe ndi nambala wani.