Njinga ya tayala limodzi: kuchokera ku Limbe kukafika ku Domasi

Ndinanyamuka ku Limbe cha m'ma 7 koloko Loweruka, njinga ya tayala limodzi ili paphewa. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga, ndipo iyi ndinaipanga ndekha poonera chithunzi chomwe mwana wanga Esinati anajambula m'kalata. Iyeyo ankakhala ndi mayi ake kwa Malemia, ku Domasi. Pa tchuthi cha 1996, bambo wina, a Jafali, amene anagwirako ntchito ku Joni kwa anthu oonetsa masewera m'chitenti, ankaphunzitsa ana kuyenda pachingwe, kugudubuka ndi kuponya mandimu atatu m'mwamba osagwetsa. Esinati anasankha njinga. Koma njinga ya a Jafali inathyoka, ndipo tsiku loonetsa makolo linali lomweli, 3 koloko. Khirisimasi ziwiri ndinali nditalonjeza kubwera osabwera. Ulendo uno mwana sanapemphe kuti ndibwere, anangopempha njinga, ndipo zinandiwawa.

Padepoti kondakitala wa minibasi anaiyang'ana uku ndi uku.

"Madala, mbali inayo akuberani kuti?"

"Ndi mmene ilili."

"Basi, K20 yanu, K5 ya njinga."

"Yathunthu mumatchaja zingati?"

"Faifi yomweyo."

"Ndiye iyi ndi theka."

Anthu anaseka, koma K5 ndinalipirabe. Minibasiyo inazungulira depoti kanayi kusaka anthu, ine mtima uli m'mwamba. Pa Njuli tinaima, pa Namadzi tinaima, pa Thondwe dalaivala anatsika kukatsitsa mtengo wa kabichi ngati ulendo ndi wake yekha. Ndinagula chinangwa chootcha, koma chinangothera m'thumba.

Ku Zomba tinafika 11 itadutsa. Ndinakwera matola ya K8 yopita cha ku Liwonde, kapikapu kodzaza matumba a chimanga. Pafupi nane panakhala bambo wachikulire wovala kofia, a Che Amidu, wogulitsa nsalu. Nditawauza kuti ndi ya mwana wanga, anatenga njinga ija n'kuigoneka pamiyendo pawo, n'kuyamba kuzunguza pedulo ndi chala. Atazunguzira kumbuyo, inalira bwinobwino, tiki-tiki-tiki, tayala osasuntha.

"Ntchito yaukhondo iyi," anatero. "Koma mabuleki mulibe. Mwanayo aziima bwanji?"

Pomwepo ndinakumbukira kalata ija. M'kalata muja Esinati analemba kuti, "Timapalasa kutsogolo ndi kumbuyo kuti tisagwe." Ndinawerenga mawuwo kakhumi, koma manja anga anachita zomwe anazolowera zaka makumi awiri. Ndinaikamo fuliwilo, kagiya kaja kamene kamalola wokwera kupumitsa miyendo tayala likuyendabe. Pa njinga wamba n'chinthu chabwino. Pa iyi, mwana akanangopondera kumbuyo, tayala likanathawa kutsogolo, iye n'kumenyetsa nkhongo pansi.

Ndinamenya denga la galimoto pa Naisi n'kutsika kuti ndikawotcheretse fuliwiloyo. Wowotcherera zitsulo ndinamupeza atagona pabenchi, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Ndinayenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Kenaka ndinakumbukira zomwe ndimachitira makasitomala osauka fuliwilo ikafa: kuimangirira ku masipoko ndi waya, kuti giya ndi tayala zikhale chinthu chimodzi. Ndimawanyoza nazo mumtima anthu amenewo. Lero inali nthawi yanga.

Mayi wina wogulitsa mandasi anandiona ndikutolatola pansi.

"Mwataya chiyani, achimwene?"

Nditawafotokozera, analowa kuseri kwa nyumba, n'kumasula waya woyanikapo zovala, matewera n'kuwaponya pa udzu.

"Tengani. Koma inu azibambo, mwana wamkazi kumukweza pachinthu chimenechi, mutu ukuyenda bwino?"

Pulayala inali kale m'manja. Ndinakulunga sipoko iliyonse, kukoka mpaka chala chinang'ambika. Nditapondera kumbuyo, tayala linabwerera nane.

Kuyambira 1 koloko galimoto zinkangodutsa zodzaza. Cha m'ma 2 inaima lole ya njerwa, ndipo pa K3 inanditula pamphambano ya ku Domasi Mission. Kuchokera apo ndi wapansi, msewu wafumbi wolunjika kuphiri. Tangoganizani, munthu wokonza njinga kuthamanga atasenza njinga yomwe sangathe kuikwera. Ana a m'midzi ankandikuwiza, ine osacheuka.

Ndinamva ng'oma ndisanaone bwalo. Anthu anali atazungulira, mtsikana wina akuyenda pachingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri ya mango, ena atakwerana pamapewa. Esinati anali atakhala payekha pamwala, atavala buluku la msuweni wake. Anali atatalika moti ndinamudutsa kaye. Anagwada n'kundipatsa moni, koma maso ali panjinga.

A Jafali anaitembenuza, n'kugwiragwira waya uja.

"Uyu agwira?"

"Agwira," ndinatero.

"Mwana ndi wanu, bambo. Mukati akwere, akwera."

Esinati anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anagwira phewa langa pokwera, kenaka analisiya. Akuti anazungulira bwalo katatu. Akuti anaima pakatikati, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo, manja atatambasula, amayi a Mvano akululutira. Ndikuti "akuti" chifukwa ine ndinkathamanga chowerama m'mbali mwake, maso ali pa waya, kumvetsera ngati sipoko ilira. Anthu ankayesa kuti ndi mbali ya masewerawo, ndipo ankandiombera m'manja.

Atatsika anabwera akupuma mwawefuwefu.

"Ababa, mwandiona?"

Ndinafuna kunama, koma ndinali nditamunamiza kokwanira.

"Ayi, mwanawe. Ndimayang'ana waya."

Anapukuta thukuta ndi mkono.

"Ndiye mugone konkuno. Mawa ndikwerenso, muone ineyo."

Lamulungu anakweranso, koma maso anga anabwerera pa waya. Lolemba shedi yanga yokonzera njinga ku Limbe sinatsegulidwe. Lachiwiri magetsi atayaka ndinapita nayo njinga ija ku Naisi kukawotcherera giya ija, ndipo waya ndinawabwezera mayi a mandasi, wopindikapindika. Ulendo umenewu unandiphunzitsa kuti kalata ya mwana siwerengedwa ndi manja ozolowera ntchito. Lachitatu madzulo ndinakhala pansi pamwala uja, manja m'thumba, n'kumuyang'ana kumaso mpaka anatopa yekha.