Njanji pa Tebulo Lodyera

Nthawi inali itangokwana leveni koloko m'mawa, ndipo Atelala anali atagwada pansi pa tebulo lodyera, akupapasa ndi chikhatho kufunafuna kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga. Madiresi atatu a eni ake ankadikira pa makina osokera. Kachitsuloko sikanali kawo. Kanali ka amuna awo, a Sitesheni, kolumikizira njanji za sitima yachidole.

A Sitesheni anagwira ntchito kunjanji zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo yunifomu yawo ankachapa ndi kusita ndi Atelala. Atapuma pa ntchito, mwana wawo wamkazi anawagulira kasitima koyendera magetsi ndi njanji zake. Mkamwini naye, pofuna kusangalatsa apongozi, anabwera ndi bokosi lina la njanji, koma la kampani ina. Mavuto anayambira pamenepo. Njanjizo zinkaoneka zofanana, zinkalowana bwinobwino, koma injini ikafika polumikizirapo inkadumpha n'kugwa chammbali, mabogi n'kumwazikana. Miyezi itatu tsopano banjali linkadya mbale zili pamiyendo.

"Bambo, Loweruka makolo a mkamwini akudzadya kuno," anatero Atelala akutuluka pansi pa tebulo, kachitsulo kali m'manja. "Tidzawakhazika pansi?"

"Ikangozungulira kamodzi osagwa, ndichotsa zonse," a Sitesheni anayankha, maso ali pa injini. "Vuto ndi liwiro basi. Izi n'zaukatswiri, mayi, si zosokerera mabatani."

Atelala anaika kachitsulo kaja patebulo. Wopukuta fumbi pa njanjizo anali iwo. Wotola mabogi pansi anali iwo. Ngakhale magalasi a katswiriyo akasowa, wosaka anali iwo omwe.

Amuna awo atapita kokameta, Atelala anayendetsa chala polumikizira paja monga amachitira pofufuza msoko. Chala chinakodwa. Njanji za mkamwini zinali zokwererapo kuposa zinazo, pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Anatenga sizasi, anadula katoni ya sopo m'tizidutswa, n'kulowetsa pansi pa njanji zotsikazo, malo onse anayi. Pomwe pankakandabe anapala ndi katupa kawo ka zikhadabo. Ntchitoyi inawadyera masana onse, msana ukuwawa, madiresi aja osakhudzidwa n'komwe.

A Sitesheni atabwera, mutu ukunyezimira, anayatsa magetsi. Injini inadutsa polumikizira poyamba, inadutsa pachiwiri, n'kuzungulira tebulo lonse. Inazunguliranso. Kachitatu.

"Mwaona? Ndinanena ine! Liwiro!"

"Eya, liwiro," anatero Atelala, akutola zinyenyeswa za katoni. "Ndibweretse mabokosi tilongedze?"

"Tilongedze? Zinthu zangoyamba kumene kuyenda? Ayi, alendo athu adzaone kaye. Komanso wina asayerekeze kugwedeza tebuloli."

Atelala anayang'ana tebulo, anayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana zala zawo zomwe zinawaputira zonsezi. Akanangosiya injiniyo izigwa, mwina bamboyu akanatopa yekha. Anavula tepi m'khosi, anaponda masilipasi, n'kuwoloka kupita khomo loyandikana, kwa mayi wogulitsa mazira.

"Odi, aneba! Musandifunse zambiri, mutu ukundiwawa kale. Tebulo lanu lija lopinda miyendo mundibwerekeko Loweruka. Ndidzanyamula ndekha. Kwathu katswiri ndi wotanganidwa."