Mzere wa pa Greenwich

Tsiku lina ndili pa ofu, mwana wanga wamkazi anandikakamiza kukwera kaphiri ka ku Greenwich, kuno kwa Angerezi, kukaona mzere wachitsulo umene amati umagawa dziko lapansi pawiri. Tinapeza alendo atatangadza pamzerewo, mwendo uku mwendo uko, akujambulitsa ndi kuseka.

Mwanayo anandikoka dzanja kuti nanenso ndiime pomwepo. Ndinakana.

Kwathu ku Ntcheu kulinso mzere. Angerezi ndi Apwitikizi atatopa kulimbirana dziko la eni, anagwirana chanza kuno ku Ulaya, n'kuutcha mtendere. Mzere wawo unadutsa pakati pa mudzi wathu: nyumba zinatsala ku Malawi, manda n'kupita ku Mozambique. Amayi anamwalira nkhondo ya ku Mozambique ili pachimake, njira ya kumanda itatcheredwa mabomba. Tinakawaika m'mudzi wa eni, kutali ndi amayi awo.

Ndinayamba kumufotokozera mwana wanga zimenezi, koma anandidula m'Chingerezi kuti anthu akudikira pambuyo pathu. Ndinamujambula iye yekha, akumwetulira.

Eni ake mzere amangoudumpha poseweretsa. Ife mpaka lero amayi agona pachilendo.