Phulusa la a Bauleni Amabatire

A Bauleni anafika ku Chipadze, komboni ya ku Bindura, m'chaka cha 1986, katundu wawo yense atakwana pa wilibala, akazi awo a Estele ali pambuyo ndi khanda kumsana. Ine ndinkachita lendi chipinda chakutsogolo. Iwo anawapatsa chakuseri, choyang'anizana ndi chimbudzi, ndipo takhala choncho mpaka lero, khoma limodzi pakati pathu. Ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa ayi. Zambiri ndinaziona ndi maso, zina zinandipeza zokha kudzera pakhomapo.

Anabadwira pa famu ya fodya kuseri kwa Bindura. Makolo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, koma iwo ku Ntcheuko sanapondeko. Atakula anathawa khasu n'kukalowa ntchito ku mgodi wa nikeli, ndipo mwayi wawo sanawatsitse pansi kokumba. Anawaika m'shedi yotchajira mabatire a tisitima tokoka miyala ndi nyali zija anthu a m'mgodi amavala pachipewa. Kumeneko ndi kumene anadziwira batire mkati ndi kunja komwe.

Ntchito inatha m'mawa wina popanda mwambo. Kapitawo anangowauza m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, kuti, "Lo sebenza yena pelile, madala," kutanthauza kuti ntchito yatha, ndipo nyumba ya kampani inathera pomwepo. Chifukwa chake anachimvera ku bhawa. Ankati maboma a kunja akhazikitsa malamulo oti galimoto zizikhala zopepuka, zizimwa petulo pang'ono kuti utsi uchepe m'mizinda yawo. Ndiye mabampala onyezimira aja, amene ankawakuta ndi nikeli, ayamba kuwapanga a pulasitiki, ndipo mtengo wa nikeli wagwa. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine kunjako sindinapiteko. Koma a Bauleni anazikhulupirira, ndipo ankakonda kunena akuseka kuti, "Kwa azungu utsi wachepa, ndiye kwa ine moto wazimiratu."

Khanda lija linali Spiwe. A Estele anali ataika ana atatu kumanda a kumgodi asanamuone ameneyu, ndipo pambuyo pake sipanabwerenso wina. Ndinaonapo anthu okonda ana, koma awiriwa ankaonjeza. Mwana akangotsokomola kamodzi, nyumba yonse tinkadziwa. Chilichonse chimene a Bauleni anachita kuyambira tsiku la wilibala lija chinali choti Spiwe akule, aphunzire, asadzaone famu kapena mgodi.

Masiku amenewo dziko linalibe ndalama zakunja, ndipo batire latsopano linali losowa. Kusitolo sankakugulitsa ngati sunabweretse lakale, chifukwa mtovu wa m'kati mwake ankausungunulanso. Pa wailesi ankatiimbira tsiku ndi tsiku kuti tisamataye zinthu, tizikonza. A Bauleni anaona kuti apa pali poyambira. Anapeza chimphika chachitsulo cha miyendo itatu, n'kuchikhazika kuseri kwa chimbudzi, pafupi ndi mpanda.

Ntchito yawo ndinkaionera ndikuchapa. Mabatire a nthawi imeneyo anali omata ndi phula pamwamba. Ankatenthetsa mpeni, n'kudula phulalo, n'kusolola mapuleti a m'kati. Abwino ankawaika padera, ophwanyika ankawaponya mumphika. Mtovu ukasungunuka, pamwamba pake pamayandama litsiro lotuwa. Ankaliwengula ndi chipande chachitsulo n'kulikutumulira pamoto pomwepo, kenako mtovu woyerawo n'kuuthira m'zikombole zawo zopangira mitu ya batire ndi timilatho tolumikizira. Pa mabatire atatu akufa ankadzutsapo limodzi lamoyo. Eni malole, aphunzitsi okhala ndi tiwailesi ta batire la galimoto kumidzi ya ku Musana, onse ankadziwa njira ya kuseri kwa chimbudzi chathu. Zovala zawo zinali zibowo zokhazokha chifukwa cha asidi, ndipo ine ndinkawanyogodola kuti avala sefa.

Musaganize kuti anali munthu wosasamala. Kumgodi anawaphunzitsa kuti utsi wa mtovu ndi woipa, ndipo anasunga zimenezo. Anakhoma malata pakati pa mphikawo ndi bwalo. Spiwe akangosuzumira, ankamuthamangitsa ndi mawu amene sankamulankhulira nthawi ina iliyonse. Akaweruka ankasamba pampopi kawiri asanamunyamule.

Mwanayo anakula wochenjera mochititsa mantha. Tikamulankhula m'Chichewa ankamva zonse, koma ankatiyankha m'Chishona ngati anzake. Asanayambe sukulu anali atadziwa kale kuwerenga zolembedwa pa mabasi. Atayamba, aphunzitsi ake anabwera okha kunyumba kudzaona makolo a mwana ameneyu, ndipo a Bauleni tsiku limenelo anavala jekete kukutentha.

M'chaka cha 1993 boma linalola makombi, maminibasi aja, kunyamula anthu. Kale tinkadikira basi imodzi yaikulu mpaka miyendo kuuma, koma tsopano msewu unadzaza ndi timagalimoto takale togulidwa kunja, kalikonse ndi batire lake lotopa. Ntchito inawachulukira a Bauleni, mphika sunkazizira. Vuto linali nkhuni. Mtengo wake unakwera, ndipo apolisi ankagwira anthu odula mitengo. Dalaivala wina wa kombi, Benard, amene ankayenda njira ya ku Musana, ndiye anawapezera nzeru. Chaka chimenecho, chilala cha chaka chapitacho chitatha, anthu anakolola chimanga chambiri, ndipo zitsononkho zinali mbwee m'midzi. Benard ankawabweretsera matumba pamwamba pa kombi, iwo n'kumamuonera batire lake ulere.

Amene anakondwa kwambiri ndi zitsononkhozo anali a Estele. Mayi aliyense wa kwathu amadziwa kuti phulusa la zitsononkho ndilo limatulutsa chidulo chenicheni. Umaliika m'kachitini koboola pansi, n'kuthira madzi, ndipo madzi odontha pansiwo ndi amene amafewetsa therere. Chichokereni ku famu, a Estele ankaphikira soda wa m'sitolo ngati tonsefe, koma ankadandaula kuti soda ndi wa akazi aulesi, amapha kukoma kwa ndiwo. Tsopano phulusa linali pakhomo, laulere. M'mawa uliwonse, amuna awo asanakoleze moto, ankapita kuseri kwa malata kuja n'kukatapa pansi pa mphika. A Bauleni ankawaona. Palibe chimene anaganiza. Kwa iwo choopsa chinali utsi, ndipo phulusa linali phulusa basi, monga la kukhitchini kwa mayi awo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Spiwe anayamba ndi kudandaula m'mimba. Kenako anasiya kuthamanga, n'kumangokhala pakhonde atagwira mutu. Kukiliniki anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, ulendo wina a malungo. Makolo ake nawonso m'mimba munkawapota, koma munthu wamkulu amangoti ndi madzi a pampopi. A Bauleni dzanja lamanja linayamba kulendewera pamkono, chipande n'kumawapulumuka, iwo n'kumati ndi kutopa.

Mwanayo anayamba kukana chakudya. Buledi ayi, nyemba ayi, ngakhale nyama imene bambo ake ankamugulira mwapadera. Chimene chinkatsika pakhosi chinali therere lokha, poti ndi loterera. Apa ndi pamene mtima umandiwawa ndikamakumbuka. A Estele ataona kuti mwana akulandira therere, anayamba kuliphika m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumaonjezera chidulo kuti lifewe kwambiri. Ankamudyetsa ndi dzanja lawo, akumunyengerera. Mwana akamaipiraipira, therere linkachulukirachulukira.

Anthu sanasowe zonena. Ena ankati ndi anzawo a ntchito ansanje, ena ankati mizimu ya ku Ntcheu ikufuna nsembe. Makolo ake anapita naye kwa aneneri a mpingo wa mapositori ku Musana, n'kubwerako ndi botolo la madzi opemphereredwa. Aphunzitsi anatumiza uthenga kuti Spiwe akuiwala zimene ankadziwa, ndipo akumenya anzake, mwana amene sanamenyepo ngakhale mphaka.

Tsiku lina masana ndikusankha tomato wanga wokagulitsa, ndinamva a Estele akukuwa. Ndinapeza mwana ali pansi akuphupha, maso atatembenuka. Benard anatsitsa anthu m'kombi yake n'kutithamangitsira kuchipatala chachikulu, ine, a Estele ndi a Bauleni.

Spiwe atamubaya jakisoni n'kudekha, kunabwera sisita wina wachikulire, Mshona, amene anagwirapo ntchito kuzipatala za m'migodi. Anatsegula mwanayo pakamwa n'kuyang'ana usinini nthawi yaitali. Kenako anayang'ana dzanja la a Bauleni.

"Baba, tsegulani pakamwa nanunso," anatero sisitayo. Atayang'ana anafunsa, "Munoita basa rei? Ntchito yanu ndi yotani?"

"Ndimakonza mabatire, sisita."

"Mumasungunula mtovu pakhomo?"

"Eya, koma mwanayu safikako," a Bauleni anayankha msangamsanga. "Ndinatchinga ndi malata. Afunseni amake Tobiasi awa, sanapondeko ngakhale tsiku limodzi."

Amake Tobiasi ndine, ndipo ndinavomera kuti n'zoona.

"Nanga amadya chiyani?" sisitayo anatembenukira kwa a Estele.

"Therere lokha, sisita, derere. Zina zonse akukana. Ndimamuphikira katatu pa tsiku."

"Ndi soda?"

"Ayi, soda ayi," anatero a Estele, ndipo ndinamva kunyadira m'mawu awo, kwa mayi amene akufuna adziwike kuti mwana wake samupatsa zachidule. "Chidulo chenicheni, cha zitsononkho. Ndimadontheza ndekha."

"Phulusalo mumalitenga kuti, amai?"

A Estele anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma amene anamva yankho lisanatuluke anali a Bauleni. Ndinawaona akutsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa simenti. Munthu amene tsiku lililonse ankakutumulira litsiro la mtovu pamoto uja anali iwo.

"Mayi a Spiwe," anatero chapansipansi, "ndinkakuonani mukutapa."

A Estele sanalire pomwepo. Anangoyang'ana dzanja lawo lamanja, limene ankadyetsera mwana, ngati la munthu wina.

Spiwe anamutumiza ku Harare, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Sanamwalire. Madokotala anati mtovu wambiri auchotsa m'magazi, koma zimene unaononga m'mutu sizibwerera. A Bauleni sanadikire kuti mwana atuluke. Anaswa chimphika chija ndi hamala, n'kukumba dothi lonse la kuseri kwa chimbudzi mpaka m'mawondo, ndi dzanja limodzi, n'kukalitaya kutali. Makombi ankabwerabe ndi mabatire awo, iwo n'kumawabweza pageti. Posakhalitsa m'masitolo munadzaza mabatire akunja a pulasitiki, osatsegulika, ndipo za kukonza zija pa wailesi anasiya kuziimba.

Ine ndimakwiya, ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire. Amene analamula kuti galimoto zipepuke anachita bwino, utsi ndi woipadi. Amene anati mtovu usamatayidwe, uzisungunulidwanso, nayenso sanalakwe. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene anafunsa kuti mtovuwo ukasungunulidwira pakhomo pa yani, ndipo panalibe amene anabwera kudzationa kuseri kwa chimbudzi kuja mpaka mwana ataphupha.

Masiku ano a Bauleni amadzuka m'mamawa kupita ku Kitsiyatota, kumaenje akale okumba golide, kumene amasenzera anyamata matumba a dothi chifukwa dzanja lija silingagwirenso fosholo. Saseka ngati kale. Ndi akazi awo sanakanganepo za nkhaniyi, akanatero ndikanamva pakhoma. Aliyense anasenza mlanduwo yekha, ngati kuti mnzakeyo palibe chimene anachita.

Spiwe tsopano ndi mtsikana wamtali, wa zaka khumi ndi zitatu. Sukulu anayesa kubwerera, koma zinakanika. Amalankhula pang'ono, ndipo ukamuitana umayenera kubwereza. Zowerenga zonse zinachoka, koma therere la mayi ake sanaliiwale. A Estele chibwerereni kuchipatala sanadonthezenso chidulo, ndipo la soda mwanayo amalilavula. Ndinayesa kumuphikira langa, analikankha, mbale n'kugwa pansi.

Ndiye anapeza njira yake yothandizira. M'mawa uliwonse amatenga kachitini n'kuzungulira makomo a mumzere wathu, kutapa phulusa pa mbaula za anthu. Anthu anazolowera, amangomusiya. Akadzaza amabwera nako kwa mayi ake, atakagwira ndi manja awiri kuti lisatayike.

"Amai, phikani," amatero.

A Estele amapukuta manja pachitenje, n'kulandira kachitiniko ndi manja awiri.

"Zikomo mwanangu, wagwira ntchito. Ndiphika mawa."

Mwanayo amakhala pakhonde n'kumadikira.